Masabata Atatu M'madzi a ku Bwanje

Dzina langa litatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite, ndinali kudimba, ndikupalira kachewere. Mlongo wanga wamkulu ndiye anabwera akuthamanga, foni ili m'manja. Dzinalo ndinaliwerenga katatu, kenako ndinaponya khasu m'mwamba, ndipo mpaka lero sindikumbuka amene anakalitola. Anandisankha kukaphunzira uphunzitsi, mbali ya masewera olimbitsa thupi. Kwa ine zinali ngati andiuza kuti ndipitirize zomwe ndinkachita kale, koma tsopano pamapeto pake adzandipatsa digiri. Ndinali wothamanga. Ku sekondale mipikisano ya mtunda wautali inali yanga, ndipo pa mpira wamiyendo ndinkatchinga kumbuyo. Kwathu ku Mlangeni mwana amakula akukwera zitunda atasenza thumba, choncho za mapapo ndi miyendo sizinkandidetsa nkhawa.

Patatha masabata awiri anatitumizira uthenga wa zinthu zoti tikatenge popita kusukuluko. Ndinauwerenga mokweza pakhonde, amayi ndi mlongo wanga akumvetsera. Zofunda, ndowa, mbale, nsapato zothamangira, makabudula awiri. Zonsezi tinkangogwedezera mutu. Kenako ndinafika pa mzere womaliza. Panalembedwa kuti titenge chovala chosambirira ndi thawulo, chifukwa onse a chaka choyamba a mbali yathu adzayamba ndi phunziro la kusambira, ndipo adzayesedwa pakutha pa teremu.

Mlongo wanga anaseka mpaka anagwira nsanamira.

"Iweyo? Amene umasamba ndi kapu?"

Ankanena zoona. Chibadwire, madzi akuya kwambiri amene ndinalowamo anali olekeza m'mawondo. Timitsinje takwathu n'tating'ono, komanso tozizira moti ukapondamo m'mwezi wa Juni mano amagundana. Pa anzanga onse panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kusambira, ndipo sitinkaona ngati tikusowa kanthu. Koma chodabwitsa n'chakuti sindinachite mantha. Mtima unkandigunda ndi chidwi. Ndinkafuna kuti tsiku loyamba la phunzirolo ndikafike ndili wodziwako kale, asakandipeze ndikumwa madzi pamaso pa anthu a kunyanja.

Amayi ndiwo anapeza nzeru.

"Pita ku Bwanje kwa amalume ako," anatero. "Zaka zonse zija anali ku Joni, ntchito yawo inali ya padziwe losambiramo. Ngati pamtundu pathu pali munthu wodziwa madzi, ndi iwowo."

Kunatsala mwezi umodzi kuti sukulu itsegulidwe. Lolemba m'mawa ndinakwera minibasi mpaka pa Boma, ndinalowa mumsika, ndinasankha pa kaunjika kabudula wabuluu wopanda matumba, yemwe wogulitsa analumbira kuti ndi wosambirira weniweni. Kuchoka pamenepo ndinatsetsereka pa matola, kenako pa kabaza. Tikamatsika, juzi yomwe ndinavala kwathu inayamba kundilemera. Pofika kuchigwa inali ili m'chikwama, malaya atanyoweratu ndi thukuta. Mpunga anali atakolola kale, minda ya m'sikimu ya ulimi wothirira ili mbee, ndipo mphepo yake inali yotentha ngati ikuchokera mu uvuni.

Amalume anali mchimwene wawo wa amayi, munthu wamfupi, wa chifuwa chotambasuka, wosavula chipewa ngakhale pakudya. Anakhala ku Joni zaka khumi ndi zinayi pa famu ya mzungu wina, ndipo atabwerera anakwatira ku Bwanje n'kuyamba kulima mpunga. Akazi awo, omwe ine ndinkawaitana kuti azakhali, anali obadwira komweko, amayi aatali, oseka msanga. Ana awo anali atakula kale n'kuchoka, moti pakhomopo tinali atatu basi.

Nditafotokoza chimene ndinabwerera, amalume anaimirira pampando ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Kusambira? Ku yunivesite akuphunzitsa kusambira? Wabwera pa munthu wake, mphwanga. Masabata atatu akukwanira. Koma uzichita zimene ndikuuze, osati zimene ukuganiza."

Azakhali anawayang'ana amuna awo cham'mbali, kenako analowa m'khitchini. Ine ndinaganiza kuti akukayang'ana ndiwo.

M'mawa mwake ndinadzuka nditavala kale kabudula wanga wabuluu, thawulo lili paphewa. Amalume anali atakabwereka wezulo kwa bambo wina amene ankaimbira mpira pamudzipo, ndipo anali atamupachika m'khosi ndi chingwe cha nsapato. Ndinafunsa kuti njira ya kumtsinje ndi iti.

"Kumtsinje kukatani? Khala pansi."

Anabweretsa beseni lodzadza madzi n'kuliika pampando. Anandiuza kuti ndikoke mpweya pakamwa, ndimize nkhope yonse, ndiutulutse pang'onopang'ono m'mphuno, maso ali otsegula. Ndinaona ngati zachibwana. Nditamiza nkhope, madzi analowa m'mphuno mpaka kumutu, ndinadzuka ndikutsokomola, misozi ili mbwee.

"Waona?" anatero amalume. "Munthu samira chifukwa cha manja kapena miyendo. Amamira chifukwa cha mpweya. Bwerezanso."

Tsiku lonselo linali la beseni. Pofika madzulo ndinkatha kutulutsa thovu iwo akuwerenga mpaka khumi, kenako n'kutembenuzira mutu kumbali, khutu limodzi lili m'madzi, n'kukokanso mpweya. Nthawi iliyonse ndikakhoza, wezulo ankalira, nkhuku n'kubalalika.

Tsiku lachiwiri ndi lachitatu anandigoneka chafufumimba pabenchi pakati pa bwalo. Miyendo inkalendewera kumbuyo, ndipo ndinkaimenya m'mwamba ngati munthu wogwidwa ndi matenda.

"Kuchokera m'chiuno, osati m'mawondo. Zala za kumapazi ziloze kumbuyo. Mkono ulowe kutsogolo ngati ukuvala malaya, ukoke madzi mpaka pantchafu, chigongono chituluke choyamba."

Anthu opita kumsika ankaimitsa njinga zawo kuseri kwa mpanda. Mayi wina anafunsa azakhali ngati mlendoyo anabwera kudzalandira mankhwala. Azakhali, omwe ankapeta mpunga pakhonde, anaseka mpaka anaika lichero pansi. Ine manyazi anandithera tsiku lomwelo, chifukwa ndinaona kuti amalume ankadziwadi zimene ankanena. Akandikonza chigongono, mkono unkayenda mopepuka. Anali ndi diso loona kanthu kakang'ono, ndipo sankakalipa.

Tsiku lachinayi tinapita kumtsinje. Panali dziwe kumtunda kwa pamene amapatutsira madzi kuti alowe m'ngalande za sikimu. Mbali yathu linali la mchenga, lotsetsereka pang'onopang'ono mpaka m'chifuwa. Tsidya linalo kunali mkuyu waukulu, ndipo pansi pake madzi anali obiriwira, osaoneka pansi. Kumunsi pang'ono kunali miyala pomwe amayi a m'mudzimo ankachapira. Azakhali anatitsatira atasenza zovala zochapa, ngakhale anali atachapa dzulo lake.

Amalume anabwera ndi nsungwi yaitali yomwe anadula m'mawa womwewo, komanso chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Anayenda m'mbali mwa dziwelo akupisa nsungwi m'madzi, kenako anandisonyeza malire.

"Kuchokera pa mwala uwu kufika pa bango ilo ndi kwako. Kumkuyu uko kulibe zako."

"Inu simulowa, amalume?"

"Mphunzitsi amaima pamtunda. Ndikalowa ndiona bwanji miyendo yako?"

Ndinalowa. Madzi anali ofunda pamwamba, ozizira kumapazi. Atafika m'chifuwa ndinamva ngati wina wandimanga lamba, mpweya ukuvuta kukoka. Ndinachita za m'beseni zija mpaka mtima unakhala pansi. Kenako anandiponyera chigubu kuti ndichikumbatire, ndimenye miyendo. Ndinamenya, madzi anathovoka, ndipo nditayang'ana kumtunda ndinaona kuti mwala uja watsalira kumbuyo. Ndinali nditayenda, mapazi osagunda pansi. Mwina unali mtunda wa masitepe asanu okha, koma ndinakuwa ngati ndagoletsa chigoli.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi loyandama chagada. Amalume anandiuza kuti ndigone pamadzi ngati pamphasa, nditambasule manja, ndikweze mchombo, makutu alowe m'madzi. Ndinayesa kambirimbiri, koma nthawi iliyonse ndinkadzutsa mutu kuti ndione mapazi, ndipo matako ankamira. Iwo anatambasula nsungwi n'kuiika pansi pa msana wanga.

"Ndakugwira. Yang'ana kumwamba, usiye kulimbana nawo."

Ndinagona. Makutu atalowa m'madzi, phokoso lonse la padziko linazima. Ndinkangomva kupuma kwanga ndi timiyala tikugundana pansi. Kumwamba kunali kabawi mmodzi akuzungulira. Ndinakhala choncho nthawi ndithu, ndikudalira nsungwi. Nditapendeketsa diso, ndinaona amalume ataima chilili, nsungwi ili paphewa pawo, mano onse ali pamtunda. Anali ataichotsa kalekale. Ndinamira pomwepo ndi chisangalalo, ndinadzuka ndikulavula madzi, ndikuseka, iwo akuimba wezulo osalekeza, amayi a kumiyala aja akuomba m'manja.

Kuyambira pamenepo zinthu zinathamanga. Tinkapita m'mawa ndi masana. Ndinasiya chigubu, ndinaphatikiza manja ndi miyendo, kenako ndi kupuma komwe. Thupi linkandiwawa malo amene sindinkadziwa kuti kuli minofu, koma kukacha ndinkakhala woyamba kutuluka. Pakudya ndinkangolankhula za madzi. Ndikamayenda panjira manja ankapalasa okha. Ndinaimbira foni mlongo wanga kumuuza kuti kapu ija aisunge yekha.

Pofika kumapeto kwa sabata yachiwiri ndinkatha kuchoka pamwala kukafika pabango n'kubwerera osaima. Apa m'pamene ndinayamba kudzimva. Loweruka masana, nditafika pabango, ndinayang'ana mkuyu uja. Unkaoneka pafupi kwambiri. Ndinaganiza kuti ndikakhudze muzu wake n'kubwerera, amalume akadabwe. Ndinamva wezulo akulira kumbuyo, koma ndinapitirira.

Muzuwo ndinaukhudzadi. Vuto linabwera potembenuka. Ndinatsitsa miyendo kuti ndiponde pansi monga ndinazolowera, ndipo pansi panalibe. Mutu unalowa, ndinakoka mpweya nthawi yolakwika, madzi anadzadza kukhosi. Zonse zimene ndinaphunzira zinandithawa. Ndinayamba kumenya madzi mwachisawawa, ndikutuluka ndi kulowa. Pamene ndinatulukira kachiwiri ndinaona amalume akuthamanga kulowa m'dziwe ndi zovala zawo, nsungwi ili patsogolo. Madzi atawafika m'chiuno anaima. Anatambasula nsungwi mpaka kumapeto kwa mikono yawo, koma inaperewera. Nkhope yawo inali yoti sindinaionepo. Sanasunthenso.

Kenako wina anandigwira kumbuyo, mkono wolimba unadutsa m'khwapa mwanga n'kundigadamitsa. Anali azakhali. Anali atadumphira kuchokera kumiyala kuja, chitenje chili m'chiuno.

"Usandigwire," anatero pafupi ndi khutu langa. "Gona basi."

Anandikoka mpaka pamene nsungwi inafika, ndinaigwira, amalume anandikokera kumchenga. Ndinagona pamenepo ndikusanza madzi. Sindinavulale paliponse.

Azakhali anafinya chitenje chawo, anayang'ana amuna awo, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Abambo, mumuuza nokha kapena ndimuuze ine?"

Amalume anatola nsungwi yawo n'kuyamba kuyenda. Tinabwerera kunyumba, iwo ali patsogolo, buluku likudontha madzi.

Titadya, anandiitanira pansi pa mtengo wa mango. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo, ndipo aka kanali koyamba kuona dazi lawo.

"Mphwanga, ine sindidziwa kusambira."



Anandifotokozera zonse. Pa famu paja ntchito yawo inali yosamala dziwe la pakhomo pa bwana: kuchotsa masamba ndi ukonde wa mpini wautali, kutsuka makoma, kuthira mankhwala kuti madzi akhale oyera. Antchito sankaloledwa kulowamo. Kawiri pa sabata kunkabwera mayi wina kudzaphunzitsa ana a bwanayo, ndipo ana amenewo atakula mayiyo ankaphunzitsanso ana a achibale ndi a anansi. Amalume ankapeza chochita pafupi, kudulira maluwa kapena kusesa, makutu ali kwa mayiyo. Anamva phunziro loyamba la mwana wosadziwa kanthu maulendo osawerengeka. Analoweza mawu ake onse, ndi mmene ankaimira, ndi pamene ankaimbira wezulo.

"Zaka khumi ndi zinayi ndikuweta madzi amene aja," anatero. "Ndinapisamo miyendo kamodzi kokha, bwana atapita kutchuthi. Nditabwera kuno, anthu anangoganiza kuti ndimadziwa, ine osawatsutsa. Kenako ndinakula, manyazi anandigwira kuti ndikayambe kuphunzira pamaso pa akuchikazi. Iwe utabwera ndinasangalala kwambiri moti sindinaganize bwino. Ndikanakuphetsa, mwana wa mlongo wanga."

Ndinawauza kuti wolakwa ndinali ine, chifukwa malire anandisonyeza ndipo wezulo ndinamumva. Ndinawauzanso chimene chinali mumtima mwanga, chakuti munthu amene sanasambirepo wandiphunzitsa kusambira m'masabata awiri, ndipo ine amene ndikupita kukaphunzira uphunzitsi sindinkadziwa ngati ndidzafike pamenepo.

Azakhali anatulukira atanyamula madzi akumwa. Anati iwo ankadziwa kuyambira kale, n'chifukwa chake ankachapa tsiku ndi tsiku mpaka zovala zinayamba kusuluka. Kenako anagamula nkhaniyo.

"Kuyambira Lolemba ine ndizikhala m'madzi, inu pamtunda. Ndipo sabata ikamatha, inunso mulowa."

"Ine ndakalamba."

"Mpunga mumalima, njinga mumapalasa mpaka kumsika. Mulowa."

Sabata yachitatu inali yokoma kuposa zonse. Azakhali ankasambira mwa kumtsinje, mutu uli pamwamba, manja akupalasa pansi pa madzi ngati chule, mosathamanga komanso mosatopa. Amalume ankati kusambira kumeneko n'kosalongosoka. Azakhali ankayankha kuti kosalongosokako n'komwe kunandivuula. Ankakangana choncho, wina pamtunda, wina m'madzi, ine ndili pakati ndikutola za uku ndi uku. Kwa azakhali ndinaphunzira kuima m'madzi akuya osaponda pansi, miyendo ikupalasa ngati ndili panjinga. Ndinaphunziranso kuti ukatopa kapena ukachita mantha umangogona chagada n'kupuma. Lachitatu anandiperekeza kumkuyu kuja, iwo ali pambali panga. Ndinakhudza muzu, ndinatembenuka bwinobwino, ndinabwerera. Ndinapitanso kachiwiri, kachitatu, mpaka anachita kundiletsa.

Amalume anayamba ndi beseni, kuseri kwa nyumba komwe odutsa sakanawaona. Wowerenga ndinali ine. Anatsokomola ngati mmene ndinachitira, ndipo nditawauza kuti abwerezenso anandiyang'ana ndi diso lofiira, kenako anaseka.

Lachisanu tinalawirira kumtsinje, anthu asanachuluke. Amalume anavula malaya, anapinda buluku, anaika chipewa pamwala, wezulo anapachika m'khosi mwanga. Analowa pang'onopang'ono atagwira dzanja la akazi awo. Madzi atafika m'chifuwa anaima, akupuma mofulumira.

"Tulutsani mpweya m'mphuno, amalume," ndinatero. "Mukudziwa kale."

Anamiza nkhope. Thovu linatuluka. Anadzuka, anapukuta m'maso, anamizanso. Kenako tinawagoneka chagada, azakhali atagwira kumutu, ine kumsana. Thupi lawo linali gwa ngati thabwa. Ndinawauza mawu awo omwe, kuti akweze mchombo, makutu alowe, asiye kulimbana nawo. Pang'onopang'ono ndinamva msana ukufewa m'manja mwanga, kulemera kukuchoka. Ndinayang'ana azakhali, iwo anagwedeza mutu. Tinachotsa manja.

Anayandama. Bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, manja ali tambasu, maso ali kumwamba, madzi akuwatembenuza pang'onopang'ono. Ndinawerenga chamumtima mpaka makumi awiri, kenako ndinalephera kupirira, ndinaimba wezulo ndi mphamvu zanga zonse. Anadzidzimuka, anamira, anadzuka akulavula, n'kuyang'ana manja athu omwe tinali titawakweza m'mwamba.

"Munandisiya?"

"Kalekale," anatero azakhali.

Anaima m'madzimo akupuma, kenako anati, "Ndigonekeninso." Tinawagoneka kasanu ndi kawiri m'mawa umenewo. Pobwerera anaiwala chipewa pamwala, ndinachita kuchibwerera.

Lamlungu tinapita kutchalitchi, ndipo Lolemba ndinanyamuka. Azakhali anandimangira mpunga m'kathumba, nandilangiza kuti ndikafika pa Boma ndidzere kuchipatala ndikafunse mankhwala a likodzo, chifukwa madzi a kuchigwa sachedwa kupatsa munthu matendawo. Ndinachitadi zimenezo ndisanakwere minibasi ya kwathu. Amayi atandiona anati ndada ngati mphika. Za kumkuyu zija sindinawauze mpaka patapita chaka.

Ku yunivesite phunziro la kusambira linkachitikira padziwe la kalabu ina mtauni, ndipo tinkapitako pa basi Lachiwiri lililonse. Tsiku loyamba tinaima m'mbali mwa dziwelo anthu pafupifupi makumi atatu, ambiri atafunda mathawulo, akuyang'ana madziwo ngati muli ng'ona. Anali oyera moti pansi pankaoneka mizere. Fungo la mankhwala linkalasa m'mphuno. Ine mapazi ankandiyabwa.

Mphunzitsi wathu anali mayi wamfupi wa mawu aakulu. Anafunsa amene amadziwa kusambira. Tinakweza manja anthu asanu, ndipo anayi enawo anali a kunyanja. Anatiuza kuti tiwoloke mmodzimmodzi. Itafika nthawi yanga ndinatsika pamakwerero, ndinakankha khoma ndi mapazi, ndinayamba. Madzi amenewo anali opepuka, opanda mafunde, osakoka munthu. Nditagunda khoma la tsidya linalo ndinapeza mayiyo ataima pamwamba panga.

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Ntcheu, ku Mlangeni."

"Ku Mlangeni kuli dziwe?"

"Ayi, ndinaphunzirira kumtsinje ku Bwanje. Anandiphunzitsa amalume ndi akazi awo."

"Miyendo ikufuna ntchito, ukupinda mawondo ukatopa. Koma kupuma kwakoko wakuphunzitsa ndi munthu wodziwa. Pita uko kosaya, utenge anzako atatu, uwasonyeze kutulutsa mpweya m'madzi."

Anandipatsa mtsikana wina amene ankanjenjemera asanalowe n'komwe, ndi anyamata awiri, mmodzi wa iwo katswiri wa mpira wa manja, wamtali moti madzi ankamulekeza m'chiuno, koma atagwira khoma ndi manja onse awiri. Amenewo ndiwo anali ophunzira anga oyamba. Ndinapeza kuti kudziwa chinthu n'kosiyana ndi kuchifotokoza, ndipo mawu akandithera ndinkadzifunsa kuti amalume akananena bwanji. Pakutha pa ola onse atatu anali atamiza nkhope. Tinabwerera pa basi maso ali psuu ndi mankhwala aja, aliyense akulankhula, palibe womvera mnzake. Pakutha pa teremu tonse anayi tinakhoza mayeso owoloka dziwe.

Tchuthi cha Khirisimasi ndinagona kwathu masiku atatu okha, kenako ndinatsetserekanso ku Bwanje. Mvula inali itagwa yambiri, mtsinje unali wodzadza, wofiira, ukukokolola zinyalala ndi nthambi. Zosambira panalibe. Inali nyengo yowokera mpunga, choncho tonse atatu tinkakhala m'matope kuyambira m'mawa, titawerama, mbande zili m'manja. Azakhali anandiuza kuti mvula isanayambe amalume anali atafika powoloka kuchoka pamwala kukafika pabango, ndipo abambo awiri a kutchalitchi kwawo anali atayamba kubwera kudzaphunzira nawo.

Amalume ankafuna kumva chilichonse. Anandifunsa kutalika kwa dziwelo, amene amalitsuka, mankhwala amene amathiramo, ndi mmene mphunzitsi wathu amayambira ndi munthu wamantha. Nditatchula zoti tinaphunzira kutembenuka pakhoma mogubuduzika, osaima, anawongoka msana, mbande zili m'manja.

"Ana a bwana aja ankachita zimenezo, koma zinkachitikira pansi pa madzi, sindinkaona bwino. Mutu umalowa bwanji?"

Ndinayesa kufotokoza ndi manja, koma sanakhutire. Anandiuza kuti ndikwere pamzere wa pakati pa minda ndiwasonyeze. Ndinakwera, ndinapinda mutu, ndinagubuduzika paudzu wonyowa, ndinatera ndi msana m'munda wa eni ake. Azakhali anati tikamaliza masewera athuwo tikumbukire kuti kwatsala ndime ziwiri. Amalume anandidzutsa, anandipukuta matope kumaso ndi chipewa chawo, n'kundiuza kuti ndibwereze pang'onopang'ono chifukwa sanaone pamene manja anali.